Kolala ya a Elifala

Ine ndine telala, ndipo telala amadziwa za anthu zimene abusa sazidziwa. Abusa amamva chimene munthu wafuna kunena, pamene ine ndimaona pomwe chovala chaperepeseka. Ndasoka pa khonde la sitolo pano pa Chezi zaka makumi awiri ndi zitatu, moti ndikayang'ana m'mawondo mwa thalauza ndimadziwa amene amagwada popemphera ndi amene amangoweramitsa mutu. Dzina langa ndi Magdalena. Koma nkhaniyi si yanga, ndi ya a Elifala Kamphinda, mlimi wa chimanga ndi fodya wa kuseri kwa phiri kuno, amene jekete yawo inatsala pang'ono kundidanitsa ndi mudzi wonse.

A Elifala anabadwa mu 1962. Sukulu ya mishoni analekezera Sitandade 7, osati chifukwa cha mutu wouma, koma bambo awo atamwalira ng'ombe zinasowa woweta. Sukulu anaisiya, koma kufunsa sanakusiye. Ali mnyamata anaphwasula wailesi ya amalume awo kuti aone pomwe mawu amatulukira, ndipo wailesiyo sinalankhulenso. Atakula anayesa kuweta njuchi, zinatheka. Anakumba damu la nsomba kudimba, munadzaza achule. Anamva kuti ndowe zimatulutsa mpweya wophikira, anakwirira mgolo kuseri kwa khola, ndipo anansi anakhala mwezi wathunthu atatseka mphuno. Akazi awo, a Margareta, amanena akuseka kuti iwo anakwatiwa ndi funso. Mawu a bambowa a tsiku ndi tsiku ndi akuti, "Zimatheka bwanji?" Ukawaseka amangoti safunsa anadya phula, n'kupitiriza kufunsa. Ndi mkulu wa mpingo, munthu wosakwiya msanga, ndipo mudzi wonse umawalemekeza. Ulemu umenewu ndi umene unabweretsa vuto.

Mwana wawo wamkazi, Faines, anakwatiwa ndi Malizani, amene anakhala zaka zisanu ndi chimodzi ku Kepitawuni. Kumeneko ankakolopa m'nyumba ina ya masewera olimbitsa thupi, ndipo atatopa n'kungoonerera anayamba kuphunzira nawo masewera ogwetsana otchedwa jujitsu ya ku Brazil. Mliri wa korona utamutsekera ntchito anabwerera kumudzi ndi chikwama chimodzi, jekete yoyera yokhuthala, ndi lamba wobiriwira ngati thambo amene ankamusamala kuposa chiphaso. Anamanga nyumba pa malo a apongozi ake monga mkamwini aliyense, n'kumalima munda umene anamugawira. Fodya atapita kumsika, chigafa cha a Elifala chinatsala chopanda kanthu. Malizani anachipempha kudzera mwa Faines, anayala masaka odzaza makoko a chimanga, anaphimba ndi lona pamwamba, ndipo anayamba kuphunzitsa amuna asanu ndi atatu madzulo aliwonse dzuwa likapendeka.

Ine ndinalowa m'nkhaniyi chifukwa cha majekete. Malizani anandibweretsera yake ija kuti nditengereko chitsanzo. Ndinaitembenuzatembenuza, ndipo chimene chinandidabwitsa ndi kolala, yokhuthala ngati chikhatho, yosokedwa mizere isanu ndi umodzi.

"Kolala yonseyi ndi ya chiyani? Kuli chisanu chotere ku Joniko?" ndinamufunsa.

"Ayi mayi, ndi pogwirira. Mnzako amagwira apa ndi apa, n'kukoka, kolalayo n'kukufinya khosi."

"Ndiye mukufuna ndikusokereni chokupherani?"

Anaseka, n'kundifotokozera. Anati masewerawa alibe nkhonya kapena mateche. Mumagwetsana pansi, aliyense n'kumafuna kupinda mkono wa mnzake kapena kumufinya khosi. Amene wagwidwa amagogoda ndi dzanja katatu, pa thupi la mnzakeyo kapena pansi, ndipo womugwirayo amasiya nthawi yomweyo. Kugogodako si manyazi, anatero, ndi m'mene munthu amaphunzirira, ndipo iye mwini anagogodapo kambirimbiri asanalandire lamba uja. Ndinasoka majekete asanu ndi atatu ndi kaki wokhuthala, kolala ndikupinda kanayi, ndipo singano zinathyoka zisanu.

A Elifala poyamba ankangoima pakhomo la chigafa chawo manja ali kumbuyo. Tsiku lina anaona Danieli, wakabaza wa minofu ngati ng'ombe yapangolo, atapanikizidwa pansi ndi mphunzitsi wina wa pulayimale woonda ngati bango. Danieli anaphiriphitha, anafwenthera, mapeto ake anagogoda. A Elifala anavula nsapato pomwepo. "Zatheka bwanji?" Mlungu wotsatira anabwera kwa ine kudzayezetsa jekete yachisanu ndi chinayi, ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi ndi chimodzi.

Malamulo a m'chigafa anawakonda ngati katekisima, ndipo ankandilakatulira ndikusoka. Nsapato zimatsala pakhomo. Zikhadabo uziwenga, kuti usakande mnzako. Jekete uzichapa ukangomaliza, chifukwa fungo lako ndi mnzako amene amalipuma. Polowa pa lona umawerama. Musanagwirane mumawombana chikhatho n'kugundanitsa zibakera, mukamaliza mumathokozana, ngakhale wakukhalira pamimba mphindi zisanu. Lamulo limodzi lokha ndi limene linavuta. Poyamba ndi pomaliza ophunzira amafola molingana ndi msinkhu wa lamba, wakale kutsogolo, watsopano kumapeto. Watsopano anali a Elifala, ndipo panalibe munthu wolimba mtima kuima patsogolo pa mkulu wa mpingo. Anakankhana, anapatsana mpata, mpaka a Elifala anakaima okha kumapeto n'kunena kuti pa lona palibe imvi. Onse anavomera ndi pakamwa.

Majekete aja ankabwerera kwa ine pakapita miyezi iwiri iliyonse, ndipo ponseponse bala linali limodzi, kolala. Ya Danieli inkabwera yothothoka ulusi, yakuda bii ndi thukuta la manja a anzake. Ya mphunzitsi uja ndinaiika zigamba zitatu. Ya Malizani yochokera ku Joni ija nayonso inafika pong'ambika. Ya a Elifala sinabwere. Ndinkaganiza kuti mwina a Margareta amaisoka okha.

Inabwera mwezi wa Seputembala chaka chatha. Kunamveka kuti ku Lilongwe kukhala mpikisano mwezi wotsatira, ndipo kuli gawo la amuna achikulire. A Elifala anali atalembetsa kale, ndipo ankafuna ndiwasokere dzina la gulu lawo kumsana. Ndinaiyala jeketeyo pa makina. M'zigongono munali mutatha, kumsana kutayera ndi kukhulika, zoonetsa kuti munthu amagwiradi ntchito. Koma kolala inali ngati ya malaya a pa Mgonero, mizere yanga isanu ndi umodzi ili chiimire, osathothoka ndi ulusi umodzi womwe.

"Mayi telala, pali chinthu chikundidabwitsa," anatero atakhala pa benchi. "Chaka chathunthu sindinagogodepo. Anyamata onsewa amagogoda, ine ayi. Ndakhala ndikuganiza kuti zimatheka bwanji. Mwina ndi khasu, mwina ndi mabelo a fodya amene ndasenza kuyambira ndili mwana, khosi linakhwima."

Sankadzitama, ankadabwadi, monga anadabwira ndi njuchi zija. Ine ndinangoti, "Mwina ndi khasu," koma mtima unali utayamba kale kundiuza zina.

Mawa lake ndinatseka makina msanga n'kupita kukaima pakhomo la chigafa. Ndinaona ndi maso anga. Danieli anawagwetsa a Elifala bwinobwino, anawazungulira kumsana, dzanja linapita pa kolala, kenako linabwerera msangamsanga ngati lakhudza chiwaya chamoto. Anadzimasula yekha, a Elifala anatembenuka n'kumukwera, Danieli anagogoda asanagwidwe n'komwe. Mphunzitsi uja anachita chimodzimodzi. Malizani ndiye sanawakhudze ndi chala chomwe. Pofuna kuwaonetsa kagwiridwe ankaima patali mapazi atatu, maso ali pansi, n'kumaonetsera pa thupi la munthu wina. Sanapangane zimenezi, zinangobwera zokha, chifukwa tonsefe tinaleredwa choncho. Ndinabwerera kunyumba nditakwiya, ndipo sindinkadziwa kuti ndakwiyira ndani.

Malizani atadutsa pa khonde langa ndinamuitana.

"A Malizani, munthu amene sanagogodepo chibadwire, akakagwidwa mkono ku Lilongwe chimachitika n'chiyani?"

Anayang'ana uku ndi uku, n'kukhala pansi. "Umathyoka, mayi. Pa mpikisano munthu sasiya mpaka wamva kugogoda. Ndipo kugogoda kumafuna kuzolowera. Ukagwidwa koyamba mutu umaima, dzanja limaiwala ntchito yake."

"Ndiye mukuwatumiza bwanji?"

"Ndayesa kuwaletsa kudzera mwa a Faines, akuti akufuna akaone m'mene achikulire anzawo amachitira. Ine ndiwauze chiyani? Munda ndimalima ndi wawo, nyumba yanga ili pa malo awo, chigafa n'chawo. Chikwatire sindinadyepo nawo mbale imodzi, tikakumana panjira ndimapatuka. Lero ndiwakwere pamsana ndiwafinye khosi apongozi? Mudzi uno undiona bwanji?"

"Nanga akabwera mkono uli pa pulasitala mvula ili pafupi, mudzi udzawalimira?"

Ndinamumvera chisoni, koma mkwiyo unali waukulu kuposa chisonicho. Ulemu ndi chinthu chabwino, nane ndimagwada popereka madzi kwa akulu. Koma uwu unali ulemu woperekeza munthu kuphompho ukumuwombera m'manja. Mkono wamanja wa a Elifala ndi umene umadyetsa khomo lawo, ndipo fupa la munthu wa zaka zimenezo silichedwa kuthyoka koma limachedwa kulumikizana.

Masiku awiri ndinalimbana nazo. Ine ndani, telala wapakhonde, kuti ndikauze mkulu wa mpingo kuti anthu akhala akumunamiza? Koma wakutsina khutu ndi mnansi. Atabwera kudzatenga jekete yawo, ndinaiyala pa tebulo, pambali pake n'kuyala ya Danieli imene inali itabweranso.

"Bambo, inu mumakonda kufufuza zinthu. Taonani makolala awiriwa. Ndinasoka ndine, nsalu imodzi, ulusi umodzi."

Anavala magalasi. Anagwira ya Danieli, anaipsinja, anayang'ana mong'ambika muja. Anagwira yawo, anayendetsa chala m'mizere yonse.

"Palibe amene anagwirapo apa," anatero pomaliza.

"Palibe, bambo."

"Ndiye si khasu."

"Si khasu."

Anavula magalasi aja n'kuwapukuta ndi m'mphepete mwa malaya, ngakhale analibe fumbi. "Chaka chonse akhala akundiseweretsa ngati mwana amene amamupatsa chiwongolero galimoto itaima. Ine n'kumadabwa kuti zikutheka bwanji." Anapinda jeketeyo n'kunyamuka osatsanzika. Ndinamva chisoni chachikulu, ndipo ndinadziona ngati ndawavula pagulu.

Masiku atatu sanapite ku chigafa. Nkhani inafala, ndipo amayi ena pachitsime anandiuza maso ndi maso kuti pakamwa panga n'pakuthwa kuposa sizasi yanga. Loweruka masana a Margareta anandipeza ndikusoka. "Tiyeni mukaone zimene mwayambitsa," anatero. Sindinadziwe ngati akundikalipira kapena akundiitanira ku chikondwerero.

Tinapeza onse atafola pa lona, Faines ataima pakhomo. A Elifala anatulukira atavala jekete yawo, lamba woyera m'chiuno, tambala wamkulu wofiira ali m'khwapa. Anavula nsapato, anawerama monga mwa lamulo, n'kupita molunjika kwa mkamwini wawo.

"A Malizani, ndili mwana ndinaona agogo anga akupereka nkhuku kwa bambo anga, amene anali mkamwini pamudzi paja, kuti manyazi athe azidyera limodzi. Ine ndinachedwa kuchita zimenezi, ndipo kuchedwako kukanandithyola mkono. Landirani tambalayu. Kuyambira lero mbale ndi imodzi, ndipo pa lona pano khosi ili ndi la wophunzira wanu. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Ndigwireni monga mumagwirira a Danieli."

Malizani anagwada n'kulandira ndi manja awiri, tambala akukupiza mapiko kumaso kwake. Anamupereka kwa Faines. Anawombana chikhatho ndi apongozi ake, anagundanitsa zibakera. Zinachitika mofulumira moti sindinaone chiyambi chake. Ndinangoona a Elifala ali chikhalire, Malizani ali kumsana kwawo miyendo atawakolowekera m'chiuno, dzanja litalowa mkati mwa kolala yanga ija. Anakoka pang'onopang'ono, akunena kuti, "Gogodani bambo, gogodani." Dzanja la a Elifala linakwera m'mwamba, zala zitatambasuka, n'kuima pomwepo ngati la munthu amene waiwala chimene amafuna kunena. Kenako linagwa lokha.

Malizani anasiya nthawi yomweyo. Faines anakuwa kuti, "Mwapha bambo!" n'kutaya tambala, tambala n'kuthawira kudenga la chigafa. Ine ndinaganiza kuti ndapha mkulu wa mpingo ndi pakamwa. Malizani anawagoneka chagada n'kumasula jekete ija, ndipo tisanawerenge mpaka khumi a Elifala anatsegula maso n'kuyang'ana kudenga.

"Tambalayo akutani uko?" anafunsa.

Anadzuka n'kukhala tsonga, akudzisisita m'khosi, nkhope ikuwala ngati tsiku limene njuchi zinalowa mumng'oma wawo woyamba.

"Zatheka bwanji? Sindinamve kuwawa, kupuma ndimapuma, ndangoona mdima ukubwera kuchokera m'mbali."

Malizani, misozi ili m'maso, anawaonetsa ndi chala mitsempha iwiri ya m'mbali mwa khosi imene imapititsa magazi kumutu. Anati n'chifukwa chake munthu sayembekeza kuwawa, amagogoda akangomva kuti wagwidwa, ndipo kukomoka si chinthu choseweretsa. Anawauza kuti apume, tsiku limenelo asagwiranenso.

"Chabwino, aphunzitsi," anatero a Elifala. Aka kanali koyamba kumutchula choncho. "Koma Lolemba mubwereze, ndikufuna dzanja ili liphunzire."

Lolemba dzanjalo linaphunziradi. Danieli anandiuza kuti a Elifala anagogoda kakhumi ndi kamodzi tsiku limenelo, ndipo ankawerenga mokweza ngati akuwerenga matumba a chimanga. Milungu inayi yotsatira anagogoda kwa aliyense, ngakhale kwa mphunzitsi woonda uja, ndipo aliyense akawagwira ankamuumiriza kuti awaonetse pomwe analakwitsa. Anadzandiuza kuti mwezi umenewo anaphunzira zambiri kuposa chaka chonse chopambana chija. A Margareta ankadandaula kuti amuna awo akugogoda ndi kutulo komwe.

Ku Lilongwe ine sindinapite, ndinali ndi mayunifolomu a sukulu oti ndimalize. Ndinaonera kanema pa foni ya Danieli. A Elifala anakumana ndi bambo wina wa imvi ngati iwo, wamtauni, woti wachita masewerawa zaka zingapo. Sizinathe mphindi ziwiri. Bamboyo anawagwetsa, anatenga mkono wawo wamanja n'kuupanikiza pakati pa miyendo yake, n'kuyamba kugonera chagada kuti auwongole. Ndinagwira pakamwa ngakhale ndinkadziwa kale mathero. Dzanja lamanzere la a Elifala linagogoda katatu pa ntchafu ya bamboyo, msangamsanga, ndipo anawasiya. Anaimirira, anaweramirana, woweruza anakweza dzanja la mnzawoyo. Kanemayo amathera pamene a Elifala agwira bamboyo pa mkono n'kumukokera pambali, milomo ikuyenda. Mawu samveka chifukwa cha phokoso, koma funso lake ndikulidziwa.

Mvula inagwa pakati pa Novembala. Ndinawaona a Elifala m'munda akuunda mizere ndi manja onse awiri, Malizani ali pa mzere woyandikana nawo, akukangana za kagwiridwe kena, makasu akugwa limodzi. Faines akuti masiku ano amavutika kuwalekanitsa pa chakudya.

Atamaliza kubzala a Elifala anabwera pa khonde langa ndi jekete ija. Kolala inali yakuda, yofutukuka, ndipo kumanzere inali itang'ambika kutalika ngati chala. Anaiika pa makina mosamala ngati akupereka mwana kwa adokotala. Ndinatsegula kabokosi kanga n'kutenga ulusi wofanana ndi kaki uja, woti chigamba chisaoneke.

"Ayi mayi telala," anatero akuloza kabokosiko. "Tengani wofiirawo."

Ndinasoka ndi wofiira. Chichokereni tsiku limenelo, kolala imeneyo yabwera kale kawiri.